Buku la pa WhatsApp, chithunzi cha mwana ndi malamulo amene akuzilondera

Nyengo ya mayeso ikayandikira mu Lilongwe, mafoni amalemera. M'magulu a WhatsApp a makalasi, a makolo ndi a aphunzitsi mumadutsa mabuku athunthu a PDF, manotsi a Biology opanda dzina la amene anawalemba, mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, komanso mauthenga olonjeza likasa kwa aliyense amene atumize ndalama msanga. M'mashopu a fotokope a ku Old Town, ku Area 25 ndi m'mbali mwa makoleji, makina amalira mpaka mdima. Pakati pa piringupiringu ameneyu anthu amamva machenjezo awiri, loyamba loti kukopera buku ndi mlandu, lachiwiri loti intaneti ikuwononga ana. Machenjezowa amabwera opanda tsatanetsatane. Mphunzitsi amatsala akudzifunsa ngati angamangidwe chifukwa chojambulira ophunzira ake masamba khumi a buku limene sukulu ilibe, ndipo kholo limangoganiza zomulanda mwana foni basi.

Nkhani ziwirizi zili ndi malamulo osiyana, mbiri yosiyana ndi mabungwe oziyang'anira osiyana. Zimakumana m'dzanja la wophunzira, pakuti chala chimene chimatumiza buku la munthu wina ku gulu ndi chomwechonso chimene chimatumiza chithunzi cha mnzake wa m'kalasi. Konse kuwiri funso loyamba ndi limodzi: chinthuchi n'cha yani, ndipo mwini wake walola?

Umwini wa zaluso

Copyright ndi ufulu umene lamulo limapereka kwa munthu amene walemba, wapeka kapena wajambula chinthu chochokera m'mutu mwake, kaya ndi buku, ndakatulo, nyimbo, sewero, chithunzi, filimu, mapu kapena pulogalamu ya kompyuta. Ufuluwu uli pawiri. Mbali yoyamba ndi ya chuma: mwini yekha ndiye angalole kuti ntchitoyo ichulukitsidwe, imasuliridwe m'chinenero china, iwulutsidwe pa wailesi kapena iikidwe pa intaneti. Mbali yachiwiri ndi ya ulemu: dzina lake liyenera kutchulidwa, ndipo ntchito yake isapotozedwe m'njira yomunyozetsa. Wolemba akhoza kugulitsa mbali yoyamba ija kwa kampani yosindikiza mabuku, koma ulemu woti ndiye analemba umakhalabe wake.

Ife a m'tauni timaidziwa bwino nyumba ya lendi. Mukalipira mumagonamo, mumaphikamo, mumalandiramo alendo, koma simungadule zipinda n'kuyamba kulowetsamo anthu ena alandilodi osadziwa. Mukagula buku, mapepala ndi chikuto n'zanu ndithu. Mukhoza kubwereketsa mnzanu, kulembamo ndi pensulo, ngakhale kuligulitsa kwa anyamata a mabuku akale m'mbali mwa msewu. Koma m'mawu a m'katimo ndinu wa lendi, ndipo mphamvu yowachulukitsa imatsala kwa mwini.

Umwini umenewu umayamba wokha ntchito ikangolembedwa. Sipafunika kukalembetsa ku ofesi iliyonse kapena kuikapo chizindikiro cha ©. Ndakatulo ya mtsikana wa Fomu 2 ndi yotetezedwa mofanana ndi buku la pulofesa. Komanso lamulo limateteza kalembedwe, mfundo yeniyeniyo ilibe mwini. Zoti dziko lino linalandira ufulu mu 1964, kapena zoti masamba a chimanga amapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, n'za tonse. Chimene chili ndi mwini ndi ziganizo ndi zojambula zimene wolemba wina anafotokozera zinthuzo. Mphunzitsi amene wawerenga mabuku atatu n'kulemba manotsi m'mawu akeake sanabe kanthu.

Kale mabuku ankakoperedwa pamanja, ntchito ya miyezi, motero panalibe nkhawa yaikulu. Zinthu zinasintha Johannes Gutenberg atayamba kusindikiza ndi makina ku Mainz, m'dziko la Germany, cha m'ma 1450. Lamulo loyamba lopereka umwini kwa wolemba linakhazikitsidwa ku Britain mu 1710, ndipo limadziwika kuti Statute of Anne. Linkapereka zaka 14, zowonjezereka ndi zina 14 ngati wolembayo akadali moyo. Mutu wake unkati ndi lamulo lolimbikitsa maphunziro, ndipo linkalamula kuti makope a buku lililonse latsopano aziperekedwa ku malaibulale. Kuyambira pachiyambi penipeni, lamuloli linkasamalira anthu awiri, wolemba kuti adye thukuta lake ndi wowerenga kuti asamanidwe nzeru.

Mu 1886 mayiko anapangana ku Berne, m'dziko la Switzerland, kuti aziteteza ntchito za olemba a mayiko anzawo. Malawi inalowa m'panganoli mu 1991, choncho buku losindikizidwa ku Nairobi kapena ku Oxford limatetezedwa kuno mofanana ndi la ku Blantyre. Lamulo lathu la copyright la 1989 ndilo linabala bungwe loteteza eni zaluso la COSOMA, limene linayamba mu 1992 ndipo likulu lake lili mu Lilongwe momwe muno. Akuluakulu akukumbukira timasitika tonyezimira ta pa makaseti ndi ma CD tosonyeza kuti nyimbozo si zakuba. Lamulo limene likugwira ntchito lero ndi Copyright Act ya 2016, ndipo limateteza ntchito kwa moyo wonse wa mwini ndi zaka 50 atamwalira. Ku America ndi m'mayiko a European Union zaka zake ndi 70.

Kukopera kumene lamulo limalola

Palibe dziko limene limaletsa kukopera kwa mtundu uliwonse. Lamulo lathu lili ndi zigawo zolola munthu kugwiritsa ntchito zolemba za wina osapempha, monga kugwira mawu ochepa n'kutchula kumene wawatenga, kupereka chitsanzo pophunzitsa, kukopera kachigawo kowerenga wekha, ndi ntchito zina za malaibulale. Muyeso wa zololedwazi unaikidwa m'pangano la Berne mu 1967 ndipo uli ndi mafunso atatu. Kodi kukoperaku kuli ndi chifukwa chapadera chodziwika bwino? Kodi sikukupha msika wa ntchitoyo? Kodi sikukumupweteka mwini mopitirira muyeso?

Mphunzitsi amene walemba ndime ya ndakatulo pa bolodi n'kutchula mlakatuli ali pabwino. Wophunzira wa ku Bunda kapena ku Nalikule amene wajambula ndi foni masamba angapo mu laibulale kuti akawerenge usiku ali pafupi ndi zimene lamulo linkaganizira. Koma buku lathunthu limene likugulitsidwa m'mashopu, likajambulidwa lonse n'kuponyedwa m'gulu la WhatsApp limene limatha kukhala ndi anthu oposa 1,000, lagwa pa funso lachiwiri lija, chifukwa amene alilandira sadzaligulanso. Ambiri amaganiza kuti mlandu umakhalapo pokhapokha wagulitsa. Kugawa ulere nakonso ndi kuchulukitsa, ndipo kutchula dzina la wolemba sikulowa m'malo mwa chilolezo chake.

Povuta ndi pakati. Mutu umodzi sabata ino, wina sabata yamawa, pofika kumapeto kwa teremu ana ali ndi buku lonse m'mapepala a fotokope. Njira imene inakonzedwa pa vuto limeneli ndi chiphaso. COSOMA imapereka ziphaso zokopera kwa sukulu, makoleji ndi mashopu a fotokope. Iwo amalipira, amakopera mpaka pa malire ogwirizana, ndipo ndalamazo zimagawidwa kwa olemba ndi osindikiza. Lamulo la 2016 linabweretsanso kamsonkho pa zipangizo zosungiramo nyimbo ndi zolemba zikamalowa m'dziko, kuti eni zaluso apezeko kangachepe pa zimene anthu amakopera kunyumba. Kamsonkhoka ndi chipepeso cha kukopera kwa munthu payekha. Sikamupatsa munthu ufulu wogawira dziko lonse.

Apa ndi pamene anthu oganiza bwino amasiyana, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo zolemera. Aphunzitsi amakumbutsa kuti chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chakhala chikuthamanga kuposa cha mabuku. M'sukulu zambiri za CDSS buku limodzi limazungulira ana angapo, ndipo mabuku a ku koleji amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zimene zimasowa. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wa maphunziro kwa aliyense. Mphunzitsi amene akuona mwana wanzeru akulephera chifukwa chosowa chowerenga sangamve msanga zoti adikire chilolezo.

Olemba nawo amati msika wa mabuku m'Malawi ndi waung'ono kale. Kawirikawiri wolemba buku la MSCE amakhala mphunzitsi mnzathu amene analilemba usiku ataweruka. PDF yake ikayamba kuyenda sabata yoyamba, wosindikiza sabweza ndalama zake, buku lachiwiri silituluka, ndipo mawa ana omwewo adzadalira mabuku a kunja okhala ndi zitsanzo za kumeneko. Mabuku a Chichewa ndiwo amapwetekeka kwambiri chifukwa alibe msika waukulu wina kothawira.

Mkangano umenewu unafika ku khoti ku India. Mu 2012 Oxford University Press, Cambridge University Press ndi Taylor & Francis anasumira kashopu ka fotokope ka pa University of Delhi chifukwa chosonkhanitsa mitu ya mabuku osiyanasiyana n'kugulitsa kwa ophunzira. Mu 2016 khoti lalikulu la ku Delhi linagamula kuti lamulo la dzikolo limalola kukopera kochitika pophunzitsa, ndipo mu 2017 makampaniwo anausiya mlanduwo. Chigamulocho chinatsamira pa mawu a lamulo la India, choncho sichimanga makhoti athu, koma chikusonyeza kuti funsoli silophweka kwina kulikonse.

Pali gulu limodzi la ophunzira limene mayiko anagwirizana kuti lisadikire. Pangano la Marrakesh la 2013, limene Malawi inalowa mu 2017, limalola kusandutsa mabuku kukhala a braille, a zilembo zikuluzikulu kapena omvetsera, kuti athandize anthu osaona ndi ovutika kuwerenga, popanda kupempha mwini.

Kubera asayimenti ndi nkhani ina

Kutenga ntchito ya wina n'kunena kuti ndi yako ndi bodza la m'maphunziro, ndipo amaweruza ndi aphunzitsi ndi makomiti a koleji. Kuphwanya umwini wa zaluso ndi nkhani ya malamulo a dziko. Ziwirizi zimafanana nkhope koma si chimodzi. William Shakespeare anamwalira mu 1616, motero masewero ake alibenso mwini mwalamulo, koma wophunzira amene wakopera mizere yake n'kusayina dzina lake wabera ndithu. Amene wapanga fotokope buku lonse, dzina la wolemba lili pachikuto, sananame kwa aliyense, koma waphwanya umwini. Mapamfuleti ena ogulitsidwa m'misewu, otengedwa ndime ndi ndime m'mabuku a anthu n'kuikidwa dzina latsopano, amalakwa konse kuwiri.

Chiyambire kutuluka kwa ChatGPT mu November 2022, kubera kwapeza njira yatsopano, pakuti makina amalemba nkhani yonse m'kanthawi kochepa ndipo palibe buku limene mphunzitsi angakaloze kuti mwana watenga apa. Makinawa amathanso kupeka mayina a mabuku amene kulibe ndi kusokoneza mbiri ya Malawi, ndipo amatero molimba mtima. Mwana amene sanaphunzire kufunsa gwero la mfundo sangazindikire.

Zimene eni ake anatsegula

Chinthu kupezeka pa Google sikutanthauza kuti chilibe mwini. Komabe zololedwa zilipo zambiri. Zoyamba ndi zimene nthawi yake yotetezedwa inatha, ngakhale pamenepa pafunika diso: sewero lakale likhoza kukhala la aliyense, pamene mawu otsogolera ndi ndemanga za mkonzi wa lero m'buku lomwelo zili ndi mwini.

Zachiwiri ndi zimene eni ake analola kale poyera. Bungwe la Creative Commons linayamba ku America mu 2001 ndipo linatulutsa ziphaso zake zoyamba mu 2002. Wolemba amaika tizilembo tosonyeza zimene walola: BY ndiye kuti tchulani dzina langa, NC musagulitse, SA mukasintha mugawirenso ena pa chilolezo chomwechi, ND musasinthe. Wikipedia imayendera chiphaso chotere, ndipo African Storybook ili ndi timabuku ta ana, tina ta m'Chichewa, timene mphunzitsi angasindikize, kumasulira ndi kugawa mtima uli m'malo.

Nanga nthano, miyambi ndi magule a makolo? Lamulo la Malawi limati umwini wa zinthu zimenezi uli m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse, ndipo sutha. Kuzigwiritsa ntchito pophunzitsa n'kololedwa, koma wofuna kupanga nazo malonda ayenera kupempha. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, alinso ndi eni mwambo ake, ndipo mwana wa Lilongwe amadziwa kuti si chilichonse cha kudambwe chimene chimajambulidwa.

Chithunzi ndi mbiri ya mwana

Mphunzitsi akajambula ana ake pa tsiku la mphoto, umwini wa chithunzicho ngati ntchito yaluso umatsata wojambula. Koma ana amene ali m'chithunzimo ali ndi ufulu wina, wosunga chinsinsi cha moyo wawo, umene uli m'gawo 21 la malamulo aakulu a dziko. Mu 2024 ufuluwu unapatsidwa lamulo lakelake, Data Protection Act, ndipo bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Malawi inatsatira chitsanzo cha malamulo onga ili, la European Union limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, la Kenya la 2019 ndi la Zambia la 2021.

Chimene lamuloli limateteza ndi chilichonse chozindikiritsa munthu: dzina, nkhope, nambala ya foni, nambala ya mayeso, zotsatira zake, matenda ake, kumene amakhala. Wosonkhanitsa zinthuzi ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka, atenge zokhazo zimene zikufunika, azisunge bwino, ndipo asazigwiritse ntchito ina imene mwini sanauzidwe. Kuyambira 2017 malamulo aakulu amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo pamene pakufunika chilolezo cha mwana, amapereka ndi kholo kapena womulera.

Sukulu iliyonse imasunga zinthu zotere zambiri, ndipo zizolowezi zina zimene tinaziona ngati zabwinobwino zikufunika kuziganiziranso. Sukulu zoyima pazokha zimatsatsa malonda ndi nkhope za ana okhoza bwino pamodzi ndi mapointi awo. Mndandanda wa amene sanamalize fizi umaponyedwa m'gulu la makolo onse. Mayina a ana olandira thandizo amatuluka pamodzi ndi mawu oti ndi amasiye. Makolo ambiri amanyadira kuona mwana wawo pa Facebook ya sukulu, ndipo kunyadako n'komveka. Ena amaona kuti chithunzi cha mwana atavala yunifolomu, dzina lili pansi, chimauza mlendo aliyense kumene angamupeze tsiku lililonse akaweruka.

Nkhanza za pa intaneti

Kunyozana kwa ana kunalipo kale, koma kunkathera pa geti. Kwa pa foni kumamutsata mwana mpaka pa mphasa yake usiku, kumaonedwa ndi anthu mazana, ndipo sikufufutika chifukwa wina amakhala atasunga kale. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ndiyo inatchula zinthu zimenezi ngati milandu: kuzunza munthu ndi mauthenga, kumulondalonda ndi kumuopseza, kulowa m'kompyuta kapena mu akaunti ya wina popanda chilolezo, ndiponso kupanga, kusunga kapena kugawa zithunzi zolaula za ana.

Mlandu womalizawu ndi umene ambiri amagweramo mosadziwa. Kanema wa mwana wa sukulu akatuluka, anthu amamutumiza ku magulu ndi mawu oti taonani zimene ana akuchita, ena amati akuchenjeza makolo anzawo. Aliyense wotumiza wagawa, ndipo wamupwetekanso mwanayo kachiwiri. Ndikukhulupirira kuti pa chinthu ichi palibe mbali ziwiri.

Palinso munthu wamkulu amene amanyengerera mwana pang'onopang'ono. Amayamba ndi moni ndi kuyamikira, kenako kabandulo kapena ka Airtel Money, kenako amamuchotsa pa gulu kuti azicheza awiri. Amamuuza kuti amayi asadziwe. Akapeza chithunzi chimodzi, mawu okoma aja amasanduka chiopsezo choti akakana kutumiza china kapena ndalama, chithunzicho chifika kwa ahedi ndi ku tchalitchi. Izi zimachitikira anyamata ndi atsikana omwe, ndipo wonyengererayo akhoza kukhala mlendo wa kutali kapena munthu wodziwika pakhomo. N'chifukwa chake mphunzitsi wosamala amalankhula ndi ophunzira pa gulu la kalasi, pamene ena akuona, kusiyana ndi kumalemberana ndi mwana mmodzi usiku.

Mwana akagwa m'msampha wotere, chimene chimamutseka pakamwa ndi mantha oti akalankhula amulanda foni, amukwapula ndipo adzakhala wolakwa ndi iyeyo. Woopseza amadalira mantha omwewo. Kholo kapena mphunzitsi amene wauzidwa amathandiza kwambiri akayamba wamvetsera, n'kusunga mauthenga oopsezawo ndi nambala ya wotumiza ngati umboni, osalipira kalikonse, n'kukanena ku Victim Support Unit ya polisi. Nambala ya 116 ndi yaulere ndipo inaikidwira ana ofuna thandizo.

Aphunzitsi nawonso amazunzika. Kanema wa masekondi ochepa wojambulidwa mobisa m'kalasi, wodulidwa mutu ndi mchira, amatha kuwononga mbiri ya zaka zambiri. Komabe makanema otere ndi amene nthawi zina aulula nkhanza zenizeni zimene zikanabisika. Lamulo la za pa intaneti la 2016 lija lilinso ndi odandaula nalo: mabungwe oteteza ufulu wa atolankhani monga MISA Malawi akhala akunena kuti gawo loletsa mauthenga onyoza ndi lotambalala kwambiri ndipo lagwiritsidwa ntchito pomanga anthu odzudzula atsogoleri.

Akamberembere a pa foni

Kuba kwa pa foni sikudalira kwambiri ukatswiri wa makina. Wakuba amamupangitsa mwini kutsegula yekha, pogwiritsa ntchito changu, mantha kapena chiyembekezo. Uthenga umabwera woti ndalama zalowa molakwika pa Mpamba yanu, chonde bwezani. Wina amaimbira kholo ngati mphunzitsi, kuti mwana wakomoka ndipo pakufunika ya galimoto pompano. Linki imazungulira yolonjeza bandulo yaulere kapena thandizo la fizi, n'kupempha nambala ya chiphaso cha unzika. Uthenga wa mnzanu wa pa gulu umakupemphani manambala 6 amene angobwera pa SMS. Manambala amenewo ndi kiyi wa WhatsApp yanu, ndipo amene wawalandira amalowa n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Loko wachiwiri alipo mu WhatsApp momwemo, pa two-step verification, ndipo kumuika sikutenga nthawi. Nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni siyenera kuuzidwa munthu aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani.

Mu 2018 dziko lino linalamula kuti SIM khadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, ndipo lamulo la za pa intaneti la 2016 lija linakhazikitsa nthambi ya CERT pansi pa MACRA yolandira madandaulo a chitetezo cha pa intaneti. Akamberembere sanathe, ena amagwiritsa ntchito manambala olembetsedwa m'mayina a anthu ena.

Ophunzira ali ndi nyambo yawoyawo, likasa. Mu November 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa mapepala atafalikira pa mafoni, ndipo ana onse, obera ndi osabera omwe, analembanso mu January 2021. Ogulitsa mapepala abodza amadziwa kuti wobedwa sangakadandaule ku polisi chifukwa zimene ankagulazo n'zoletsedwa. Masamba ambiri ogawa mabuku akuba amayenda m'njira yomweyo: batani lotsitsira buku limatsitsa pulogalamu yoba za m'foni, kapena limatsegula zithunzi zimene mwana sanazifune.

Mafunso amene akadali poyera

Funso la buku lathunthu silinathe. Ngati buku lili pa silabasi koma silikupezeka m'shopu iliyonse mu Lilongwe, kapena mtengo wake ukuposa fizi ya teremu, kodi amene walikopera wapha msika uti? Ena akufuna kuti zololedwa pa maphunziro zikulitsidwe, monga mmene South Africa yakhala ikukanganirana kwa zaka pa bilu yosintha lamulo lake. Ena akuti yankho ndi ziphaso zotsika mtengo, kapena boma kugula umwini wa mabuku a pa silabasi n'kuwatsegulira onse. Pa njira iliyonse pali amene ayenera kulipira, ndipo sitinagwirizane kuti ndi ndani.

Manotsi amene mphunzitsi walemba ali pa malipiro a boma kapena a mwini sukulu, akafuna kuwasindikiza ngati buku, phindu lake n'la yani? Makalata ambiri a ntchito sanena kanthu pa zimenezi.

Za AI, makina onga ChatGPT aja, zikadali m'makhoti. Mu December 2023 nyuzipepala ya The New York Times inasumira OpenAI, eni ake a ChatGPT, ndi Microsoft pa nkhani yophunzitsa makina ndi zolemba zake. Kwathu funsoli lili ndi mbali ina: kuti makina adziwe Chichewa ayenera kuwerenga zolemba za Amalawi, ndiye olembawo afunsidwe motani, ndipo apindule chiyani? Nanga wophunzira amene wathandizidwa ndi makina kukonza galamala yokha, wabera kapena waphunzira?

Zaka zoyambira masamba a mchezo nazonso zili pa mkangano. Facebook ndi TikTok amati munthu akhale ndi zaka 13, malire ochokera ku lamulo la America la 1998, ndipo mwana amangolemba chaka chobadwa chabodza. Australia inakhazikitsa lamulo mu 2024 lokweza malirewo kufika pa 16. Kuno ana ambiri alibe foni yawoyawo, amagwiritsa ntchito ya amayi kapena ya achimwene awo, ndiye lamulo lotere lingalondoledwe bwanji? Sukulu zambiri za sekondale zimaletsa mafoni, pamene homuweki ndi manotsi zikutumizidwa pa WhatsApp. Ndipo mphunzitsi akalanda foni ya wophunzira chifukwa choganizira kuti muli zoipa, ali ndi mphamvu yotsegula mauthenga ake, kapena ayenera kudikira kholo?